Sofa Wobwereka ku Malayini

Ntchito yanga yoyamba ndinaimvera kutchalitchi, pa zolengeza, pakati pa za maliro ndi za kwaya. Kabungwe kena ka pa Boma, kothandiza amayi amene anasiya koleji chifukwa cha pakati kapena banja, kankafuna kalaliki. Ndinapita satifiketi ili m'jumbo, kuphazi nsapato zobwereka kwa mkulu wanga. Nsapatozi muzikumbukire, poti ine mwini ndinaziiwala msanga.

Bwana wanga anali Mayi Muhiwa, mphunzitsi wopuma, wapakamwa pakuthwa koma wosasunga chakukhosi. Ntchito anandionetsa tsiku limodzi. Mayi wofuna thandizo akabwera, umalandira kalata yomuitana kukoleji, chiphaso cha unzika ndi buku la kusikelo la mwana, kudinda chidindo, kuika mufayilo. Kenako umapita kwawo ndi fomu ya mabokosi: malata, magetsi, mipando, wailesi yakanema, ziweto. Umachonga zimene waona, n'kujambula ndi foni. Amene mabokosi ake adzaza ndiye kuti angadzilipirire yekha, komiti imamudumpha.

Wachitatu kumuyendera anali Esinati, wothyola tiyi pa esiteti ina kupitirira Chitakale. Anasiya koleji ya uphunzitsi ali ndi pakati, bambo wa mwanayo n'kuwolokera ku Mozambique osabweranso. Koleji inali itamulola kubwerera, bola akafike Lolemba lotsegulira atalipiridwa. Ine ndi ulemu wangawu ndinamuimbira: "Ndikubwera Lachinayi, musachoke." Mayi Muhiwa sindinawauze kuti ndamudziwitsiratu. Ndinkati kugwera munthu pakhomo mwadzidzidzi n'kusaleredwa.

Ndinatsika kabaza ku malayini, nyumba za kampani zija. Kulowa m'nyumba, sofa wofiira, tebulo loyala nsalu yoluka, wailesi yakanema pakona. Anandiphera nkhuku yachikuda. Ndinadya mpaka kunyambita zala, kenako n'kuchonga: malata, magetsi, sofa, kanema, ziweto. Pobwerera ndinkadzitama mumtima kuti ndagwira munthu wofuna kudyera amphawi.

Lachisanu la sabata yotsatira tinamata mayina a osankhidwa pachitseko. Esinati anabwera mwana ali kumsana. Anawerenga ndi chala kawiri, kuyambira pamwamba mpaka pansi, koma lake panalibe. Sanalire. Analowa, n'kugwada pafupi ndi desiki yanga.

"Achemwali, kodi ndinakulandirani molakwika?"

Mayi Muhiwa anatsegula fayilo, n'kuyang'ana zithunzi zanga zija, kenako n'kutembenukira kwa Esinati.

"Mwanawe, sofayu ndi wa ndani?"

"Wa akazi a akapitawo. Wailesiyo ndi ya alonda a kufakitale, tebulo n'la kumpingo. Mlendo wa ku ofesi sangakhale pamphasa, malayini onse angandiseke."

"Nanga nkhuku?"

"Ija inali yanga. Inali imodzi yomweyo."

Nkhuku ija inandibwerera pakhosi. Manyazi amene ndinachita tsiku limenelo sindinawachitenso mpaka lero.

Mayi Muhiwa sanandikalipire pamaso pake. Anangoti, "Unamuuza tsiku, eti? Kwera kabaza ukaonenso." Tinapita ndi Esinati masana omwewo, kamvula ka chiperoni kakutsika m'phiri. M'nyumba muja munali mphasa, dengu lothyolera tiyi, ndi jumbo ya mabuku ake a kukoleji itapachikidwa pamsomali kuopa chiswe. Malata ndi magetsi anali a kampani, ndipo akanangosiya kuthyola anayenera kutulukamo.

Ndinathamangira kwa wapampando wa komiti ndi zithunzi zatsopano, ndili chinyowere. Anandimvera bwinobwino, koma anati malo onse agawidwa, eni ake aona kale mayina awo. Kuchotsa mayi wina kuti alowe Esinati n'kungosamutsa misozi. Ndinachonderera mpaka mawu kusasa, osatheka. Lolemba lija linamupeza Esinati m'munda wa tiyi, dengu kumsana.

Anadikira chaka chathunthu. Fayilo yake ndinaisunga m'kabati mwanga, ndipo chaka chotsatira inali yoyamba patebulo la komiti. Lero akuphunzitsa sitandade 3 kufupi ndi Likhubula. Tikakumana pamsika amandipatsa moni wansangala, kufunsa za kunyumba, koma za chaka chija sanazitchulepo. Bwenzi atanditukwana kamodzi, mwina mtima ukanapepuka.

Fomu ija tinaisintha. Pambali pa bokosi lililonse pano pali funso loti, "Ndi zanu?" Makalaliki atsopano ndimawauza kuti kuno wosauka amabwereka pofuna kulemekeza mlendo, osati kumunamiza, ndiye asamakhulupirire maso okha. Akaseka za nkhuku ija, ndimawauzanso za nsapato za mkulu wanga. Tsiku lofuna ntchito lija Mayi Muhiwa anaziona kuti zikundikula, zikuvuka poyenda, koma iwo sanachonge bokosi lililonse.