Mapira a Pansi pa Mphasa

Chaka chimene Shire anasefukira mpaka kwathu ku Maseya, ndinatha m'mawa wonse ndikuumba kakhoma ka dothi pakhomo, n'kumauza mkazi wanga kuti madzi akafika pamenepa abwerera okha. Ndili chiimire kulondera mtsinje ngati msilikali, ndinamva iye akuti, "Abambo, tatembenukani." Mphasa ya kuchipinda inali nyowe. Madzi anali atatulukira pansi, m'dzenje langa.

Dzenjelo linali nzeru za kuwerenga. Sukulu sindinapite nayo patali, koma pepala lililonse lokulungira nsomba ndinkaliwongola n'kuliwerenga, ndipo pa lina ndinapeza kuti kwa azungu nyumba imakhala ndi chipinda chapansi. Ndinakumba changa cholekeza m'chiuno, n'kutsitsiramo thumba la mapira a mbewu, pamwamba matabwa ndi mphasa. Sikuti ndinkafuna chizungu ayi. Masiku amenewo anyamata a chipani ankayenda khomo ndi khomo kutolera mphatso za mlendo wamkulu: nkhuku, mazira, chilichonse chimene maso awo agwerapo. Atasuzumira m'nkhokwe yanga, ndinawalumbirira kuti ndilibe kanthu.

Ndiye taganizani, nyumba yako, mbewu yako ikumira, koma sungaitulutse kukayanika! Anyamatawo anali atathawira pachulu chopenyana ndi khomo langa, amvekere khale tsiku lonse. Kuyala mapira pabwalo kukanakhala kuulula ndekha kuti ndinanamiza chipani, ndipo wopita kukayankha mlandu wotero tsiku lobwerera sitinkalidziwa. Ndinkatunga ndi chipande kuthira mumtsuko, mkazi wanga n'kumakataya kuseri ngati madzi otsukira mbale. Ukatunga, ena atumphuka. Thumbalo tinalipachika kudenga likudontha, mumdima, chitseko chotseka.

Mpaka lero ndikakumbuka mtima umandiwira. Shire sindimukwiyira. Amabwera, amapita, n'kutisiyira nthaka yonona kudimba. Koma mbewu yoti ndikadzale m'nthakamo inaonongekera m'nyumba, kunja dzuwa likuswa mtengo, chifukwa choopa ana amene tinawaona akukwawa opanda kabudula!

Nditamasula thumba, mapira onse anali atatulutsa timizu toyera. Anali atasanduka chimera, chabwino chofululira mowa basi. Mkazi wanga anangochifumbata m'manja n'kuchibwezera m'thumba.

Madzulo ake mnansi wathu, bambo wachisena wa nyumba yakuseri, anaima pampanda.

"Achimwene, mbale za kwanuko zikuchuluka bwanji? Kutsuka kwake kosatha?"

Ndinaponya maso kuchulu kuja. Iye anatsitsa mawu.

"Musaope, ine nkhabe kulonga, pakamwa ndatseka. Mapira anganso amera, ndinawakwirira mumtsuko. Bweretsani tiphatikize, amayiwa afulule, tikasinthe ndi mbewu kumtunda. Chimeracho yanikani poyera, osabisa. Anyamata athuwa mapira amafunsa, koma mowa safunsa kumene wachokera."