Zitsekerero za m'thumba la amuna anga

Amuna anga anali sajeni ku usilikali kwathu ku Malawi, kalekale tisanabwere kuno ku Joni. Kuno ntchito yawo inali yotsegula ndi kutseka geti pa fakitale ina ku Kya Sand, mpaka maondo anakana. Za nkhondo sankakamba. Atangobwera kumene kuchokera kutchire kunkhondoko anatha dzinja ndi chilimwe chake ali duu, kudya kochita kuwanyengerera ngati mwana. Nyengo imeneyo ndinaisenza ndekha, ndipo ndinalumbira kuti sindidzaisenzanso.

Ndiye kunabwera mtsikana wina pakhomo pathu ku Bertrams, wobadwira konkuno, mdzukulu wa munthu wakwathu amene anathera m'migodi. Chichewa chake chinali chotsimphina, koma ulemu anali nawo, anagwada ndithu. Anati iye ndi anzake amaphunzitsa makompyuta kuganiza, ndipo akufuna kompyuta yodziwa mmene mkulu wa asilikali amasankhira chochita zipolopolo zikamalira. Mabuku anawerenga, akuluakulu a nyota paphewa anawamva, tsopano ankafuna munthu amene analandirapo lamulo n'kulipereka kwa anzake ndi pakamwa pake.

Ine ndinati ayi. Amuna anga anati eya, atavala kale jekete.

Ankabwera Loweruka masana, mtsikanayo ndi anzake awiri andevu, n'kuyala mapu patebulo langa lositira zovala za anthu. Asilikali anali zitsekerero za mabotolo. Ankati apa pali mtsinje, apa mlatho, mdani sitikudziwa ali kuti, mutuma ndani? Bambowo ankasuntha zitsekerero, kompyuta n'kunena amene afa, ndipo akufawo ankawatembenuza chagada. Kenako wandevu mmodzi ankati, "Shapu madala, tiyambirenso," n'kuwakokolola onse ndi dzanja, akufa ndi amoyo omwe, kuwaimikanso pamzere.

Poyamba bambowo ankasangalala. Mawu a usajeni anabwerera, mpaka mayi wa chipinda chinacho anagogoda khoma. Ankawauza anawo kuti lamulo lochedwa limapha kuposa lolakwika, ndiponso kuti amene ukumutuma kutsogolo uzimuyang'ana m'maso. Iwo ankamvetsera, n'kumafunsa mafunso anzeru ndithu.

Koma ine ndimachapa, ndipo wochapa amadziwa za m'matumba. Lolemba lililonse ndinkapeza zitsekerero m'buluku lawo. Ndinkangoti n'kuiwala kwa ukalamba, n'kuzibweza patebulo. Tsiku lina anandipeza ndikubweza, anandigwira dzanja.

"Amenewo asiyeni, mayi. Anagona kale."

Mpamene ndinadziwa kuti zitsekererozo anazipatsa maina. China chofiira chinali mnzawo wa ku Ntcheu amene sanabwerere kuchokera kutchire, chophwanyika m'mbali chinali wina wokonda kuimba. Kwathu munthu ukamuika wamuika, sadzutsidwa kuti akagwirenso ntchito. Koma apa Loweruka lililonse amuna anga ankamutumanso mnzawoyo pamlatho, n'kumuona akufanso. Tiyi anayamba kuzizirira m'kapu. Mkate kuusiya. Kukhala pakhonde kumangoyang'ana matakisi, moni osayankha. Nyengo ija ndinaiona ikubwera, monga umaonera mvula ikutsika phiri iwe uli ndi zovala pachingwe.

Loweruka lotsatira ndinamudikirira mtsikanayo pageti, n'kumufotokozera zonse. Anagwira pakamwa. Kenako anati koma gogo, kompyuta siphunzira ikaona kamodzi, imafuna kubwereza kambirimbiri. Sankanama mwanayo, ntchito yake ndi momwemo. Ine ndinati ibwereze yokha kuofesi kwawo mpaka itope, koma patebulo langa wakufa asadzukenso.

"Nanga akatha onse, gogo?"

"Akatha, nkhondo yatha. Muzipita kwanu."

Anavomera, ngakhale andevu aja anang'ung'udza m'Chizulu poganiza kuti sindikumva. Kuyambira tsikulo chitsekerero chikagwa chagada, bambowo ankachitola n'kuchiika m'chitini cha majarini, palibenso wonena kuti tiyambirenso. Zinthu zinayamba kuchedwa. Bambowo ankakhalitsa atagwira chibwano asanatume munthu, alendowo akusuzumira mafoni awo, ine nditaima ndi simbi yozizira kudikira tebulo. Kaya zinawathandiza, kaya zinawaonongera ntchito, sindinafunse. Mzere unkafupika sabata ndi sabata, mpaka tsiku lina bambowo anayang'ana otsalawo n'kunena kuti awa sawatumanso, abwerere kwawo. Mapu anawapinda okha, n'kumupatsa mtsikanayo ndi manja awiri.

Kompyuta ija ndimamva kuti anaimaliza. Chitini chili pansi pa bedi, ndikamasesa ndimachilambalala. Bambowo kudya akudya, pang'onopang'ono, ndipo moni akuyankha. Ine ndiye ndatopa. Nkhondo imeneyi sindinaione ndi maso, koma ndaichapa kawiri, ndipo patebulo pali malaya a eni ake amene akufunika mawa.