Anyezi wa pa Ukwati Anatsala Pang'ono Kutiphera Galu

Chizindikiro choyamba tinachiona Lachitatu m'mawa, patatha masiku anayi chichitikireni ukwati wa mwana wathu Tamara. Amuna anga, a Zimba, anatenga ndodo yawo kuti azipita kudimba monga mwa masiku onse, koma galu wathu Tilipo sanadzuke. Anangotukula mutu, n'kugwedeza mchira kamodzi, n'kugonanso kunsi kwa nkhokwe.

Ndiyambe ndafotokoza chifukwa chake zimenezi zinandidetsa nkhawa. Ine ndine Nyaphiri. Kwathu ndi ku Kasungu, koma ndakhala kuno kwa Mphamba zaka zoposa makumi awiri chikwatiwireni. A Zimba maso awo anayamba kuchita chidima zaka zitatu zapitazo chifukwa cha matenda a shuga. Kuwala amakuona, munthu akaima pafupi amamuzindikira, koma njira saiona bwino. Tilipo palibe anamuphunzitsa, komabe kuyambira nthawi imeneyo anayamba kuyenda patsogolo pawo pang'onopang'ono, ndipo akafika pa kamlatho kamitengo kowolokera kudimba amaima mpaka ndodo yawo imukhudze. Chifukwa cha galu ameneyu, munthu amene akanamangokhala pakhonde tsiku lonse amathirira yekha repu ndi tomato wake n'kubwerako yekha. Lachitatu limenelo a Zimba anaimika ndodo pakhoma, ndipo kudimba sanapite.

Masana Tilipo anakana chakudya. Madzi okha ndiwo ankamwa kwambiri. Ankapuma mofulumira ngati wathamanga, chonsecho anali chigonere pamthunzi. Dzuwa litapendeka anadzuka movutikira n'kukakodza pafupi ndi khola la nkhuku. Ndinapita kukayang'ana. Mkodzowo unali woderako ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo unali ndi kufiira. Pobwerera miyendo yake yakumbuyo inkanjenjemera, moti anagona panjira asanafike pamalo pake.

Nthawi yomweyo anafika alamu anga a Yotamu, ang'ono awo a a Zimba. Atamuyang'ana galuyo sanachedwe kugamula.

"Mulamu, uyu amuthirira poizoni. Ndipo wochita izi tonse tikumudziwa."

Ankanena a Mtonga, anansi athu. Mwezi umodzi m'mbuyomo Tilipo anathamangitsa mbuzi zawo zimene zinalowa m'dimba mwathu, ndipo imodzi inathyoka mwendo podumpha mpanda. Panali kuyankhulana kosakoma, ndipo chiyambire pamenepo tinkangopatsana moni wapakamwa. A Yotamu ankafuna kupita komweko nthawi yomweyo. Sindinama, nanenso mtima unali utayamba kuloza komweko. Koma ndinawagwira mkono.

"Alamu, tisatchule dzina la munthu tisanamve kwa odziwa. Mawa ndipita naye kuboma."

Anandiseka. Anati galu sapita kuchipatala, timumwetse mkaka ndi mazira aawisi, akafa tipeza wina. A Zimba anaika dzanja lawo pamutu pa galuyo.

Lachinayi m'mamawa ndinayala thumba m'dengu lalikulu lokololera mtedza, ndinamunyamula Tilipo n'kumugoneka momwemo, n'kumanga denguyo pakaliyala ya njinga. Sindinakwere, poopa kuti mabampu amupweteka. Ndinakankha njira yonse. Anthu amene ankapita kumsika wa Lundazi ankasuzumira m'dengumo poganiza kuti muli malonda, ndipo ena ankaseka ataona kuti ndi galu. Manyazi sanandigwire.

Ku ofesi ya ziweto ndinapeza alimi angapo atakhala pabenchi. Wina anabwera kudzafunsa za ng'ombe yake yotupa khosi, wina ankafuna katemera wa chitopa. Anatiuza kuti dokotala wapita kukatemera ng'ombe ndipo abwera dzuwa likakwera. Ndinadikira maola ngati awiri. Ndinaika dengu pansi pa mtengo, ndipo nthawi ndi nthawi ndinkanyowetsa nsonga ya chitenje n'kumufinyira Tilipo madzi pakamwa. Kudikira kumeneko kunali kowawa, chifukwa mpweya wake unkamveka kuti ukuchepa.

Dokotalayo anali mayi wachitsikana, wamsinkhu wa Tamara wanga. Atatsika panjinga yamoto anandipatsa moni, "Monire mama," n'kupempha anzanga apabenchi kuti ayambe waona galuyo. Onse anavomera. Anamugoneka patebulo lachitsulo, n'kutukula mlomo wake wam'mwamba.

"Onani apa, amayi. Nkhama za galu wabwinobwino zimakhala zofiilila. Izi zayela ngati pepala. Magazi achepa maningi."

Anamuyeza kutentha kwa thupi, anamvetsera mtima, kenako anamubaya pang'ono kukhutu n'kupaka dontho la magazi pakagalasi. Anati matenda obwera ndi nkhupakupa amaonekanso chimodzimodzi, choncho ayenera kuyang'ana kaye pamakina oonera tinthu ting'onoting'ono. Ndinamuuza zimene alamu anga ankaganiza. Anapukusa mutu n'kunena kuti poizoni amene anthu amathirira agalu kawirikawiri sachedwa, galu amatuluka thovu ndi kuphupha tsiku lomwelo. Atayang'ana pamakinapo kwa kanthawi anati tizilombo ta nkhupakupa sakutiona, koma magaziwo akuoneka owonongeka ngati pali chimene chikuwaswa.

"Galu uyu wakhala akudya chani sabata ino?"

Ndinayankha monyadira ndithu. Ndinati sabata imeneyo Tilipo wadya bwino kuposa masiku onse, chifukwa kwathu kunali ukwati. Ine ndinali mkulu wa ophika. Loweruka tinakazinga anyezi wodzaza ndowa kuti tipangire msuzi wa nyama, ndipo tinathiramo adyo wambiri. Mphika umodzi unapserera pansi, moti sitikanaupereka kwa alendo. Ndinaona kuti kutaya n'kulakwa, choncho ndinausungira galu. Kuyambira Loweruka mpaka Lachiwiri ndinkatapa anyezi wamafuta uja, n'kusakaniza ndi mpunga wotsala, n'kumupatsa m'mawa ndi madzulo. Ankanyambita mbale mpaka kuyera.

Ndikuyankhula choncho, ndinaona nkhope ya dokotala ikusintha, ndipo mawu anga anayamba kuchepa okha.

"Amayi, poizoni wake ndi wamene uyo," anatero mofatsa. "Anyezi na adyo kwa ise ni ndiwo, koma kwa galu na pusi vimaononga magazi. Kaya muwisi, kaya wophika, kaya wokazinga, ni chimodzimodzi. Ndipo siviwonekela tsiku lamene wadya. Vimatenga masiku."

Ndinakhala pansi pomwepo, pasimenti. Ndinali nditaphikira mabanja ambiri m'mudzi mwathu, pamaukwati ndi pamaliro, ndipo palibe anadwalapo ndi chakudya changa. Tsopano dzanja lomwelo ndi limene linkapha galu wa amuna anga, ndipo ndinatsala pang'ono kulola kuti mlanduwo ugwere munthu wosalakwa.

Dokotala anandiuza zoona zokhazokha. Anati mankhwala ochotsa poizoni wa anyezi kulibe. Chimene akanatha ndi kulithandiza thupi kuti lipirire mpaka lipange magazi atsopano. Anati magaziwo akapitirira kutsika pangafunike kumuthira ena, ndipo zimenezo pamalopo sizikanatheka. Anameta ubweya pamwendo wakutsogolo n'kumuika dripi. Botolo analipachika pamsomali wa pazenera, ndipo ine ndinagwira mwendowo kuti usapindike mpaka madzi onse atatha. Anamubayanso jakisoni wa mavitamini. Pomaliza anati galuyo asayendetsedwe mtunda wautali, ndipo ndibwere nayenso m'mawa mwake.

Ndinakagona kwa mnzanga wa kumpingo amene amagulitsa nyemba mumsika ndipo amakhala chapafupi. Ndinaimbira a Yotamu kuti asamalire akulu awo, ndipo ndinawauza mosabisa chimene chapezeka. Iwo anangoti, "Yewo, mulamu, ndamva."

Lachisanu ndilo linali tsiku loipitsitsa. Tilipo sankatha ngakhale kutukula mutu, ndipo m'maso mwake munayamba kuoneka chikasu. Dokotala anati zimenezo amaziyembekezera, chifukwa magazi amapitirira kuwonongeka kwa masiku angapo galu atasiya kale kudya anyeziyo. Anamuikanso dripi ina. Tili kudikira kuti ithe, anandifotokozera zakudya zina zimene ife timadya bwinobwino koma zimapweteka ziweto za pakhomo. Anatchula chokoleti, mphesa zaziwisi ndi zouma zomwe zimaikidwa m'makeke, tiyi ndi khofi, mowa ndi masese ake. Anatchula mafupa a nkhuku ophika, amene amasweka mosongoka n'kubaya m'matumbo. Chimene chinandikhudza kwambiri ndi mtedza ndi chimanga chochita nkhungu, chifukwa kwathuno tikamasankha mtedza, wowolawo timangoutayira pabwalo pamene agalu ndi nkhuku amafika. Anati chimenecho chimawononga chiwindi, ndipo ngakhale munthu sayenera kuchidya.

Loweruka m'mawa ndinawiritsa chiwindi cha ng'ombe chopanda mchere, chopanda chilichonse, monga anandilangizira. Ndinathira msuzi wake m'kambale n'kumuyandikizira. Ananunkhiza nthawi yaitali, kenako ananyambita kawiri. Masana anadya tizidutswa titatu. Ofesi inali yotseka tsikulo, koma dokotala anadzera kunyumbako panjinga yake yamoto kudzamuona. Atatukula mlomo uja anati nkhama zikadali zoyera koma sizinaipirepo, ndipo mtima wayamba kugunda modekha.

"Mwachita bwino kubwela Lachinayi," anatero. "Mukanayembekeza mpaka lelo, sembe tikamba vina."

Lamulungu masana ndinabwerera naye kumudzi, ndikukankhanso njinga. A Zimba anamva kulira kwa tcheni ndili patali, ndipo ndinawapeza ataima pakati pa bwalo. Anagwada n'kupapasa m'dengumo. Tilipo anawanyambita dzanja.

Panali ntchito ina imene inatsala. Ndinamva kuti Lachitatu lija a Yotamu anali atayankhulapo kale za poizoni kwa anthu angapo, ndipo mawuwo anawafika a Mtonga. Lolemba m'mawa ndinavala chitenje changa chabwino n'kupita kwawo. A Yotamu ananditsatira okha popanda kuwaitana, ndipo ndimawalemekeza pa chimenecho. Tinawapeza a Mtonga akukonza chigafa cha fodya. Ndinawafotokozera zonse, kuti galu anadwala ndi anyezi wa mumphika wanga, ndi kuti dzina lawo linatchulidwa pakhomo pathu popanda chifukwa. A Yotamu anapepesa ndi pakamwa pawo. A Mtonga anatsika pamakwerero, anapukuta manja, n'kunena kuti nkhaniyo inawapweteka, koma sanayembekezere kuti munthu angabwere kudzadziulula chotero. Kenako anafunsa ngati anyeziyo amapwetekanso pusi, kapena kuti mphaka, chifukwa akazi awo amapatsa pusi wawo msuzi wotsala tsiku lililonse. Ndinawauza kuti dokotala anati kwa pusi ndiye woopsa kuposa kwa galu.

Kuchira kunatenga nthawi. Sabata yoyamba Tilipo ankangoyenda kuchoka kunkhokwe kufika pakhonde, n'kugona. Ndinkamupatsa chiwindi, mazira owiritsa ndi phala lopanda shuga, pang'onopang'ono kanayi pa tsiku. M'mawa uliwonse ndinkatukula mlomo wake n'kuwauza a Zimba mtundu umene ndaona. Mkodzo unayera pakutha pa sabata imeneyo. Sabata yachiwiri nkhama zinayamba kufiirira, ndipo anauwa koyamba njinga itadutsa pamsewu. Sabata yachitatu ndinapita nayenso kuboma, ndipo dokotala atayeza magazi anati abwerera mwakale. Sabata yachinayi anayambiranso ntchito yake yoperekeza a Zimba kudimba.

Lero papita miyezi isanu ndi iwiri. Tilipo ndi wonenepa, ubweya wake ukuwala, ndipo pamwendo pamene anameta sipadziwikanso. Ndikamaphika ndimayamba ndapatula chake ndisanathire anyezi, mchere ndi zokometsera. Zotsala za paphwando ndimakwirira kudzala lakuya. Nkhaniyi ndinaifotokoza pamsonkhano wa amayi a kumpingo, ndipo sindinabise kuti wolakwa ndinali ine. Ena anaseka poyamba, koma tsopano pamaukwati a m'dera lathu ophika amakumbutsana okha kuti zopserera za mumphika zisapite kwa agalu. Ndimanyadira zimenezi. Ndimanyadiranso kuti ndinakankha njinga ija anthu akundiseka, ndi kuti pakhomo pathu sitinadane ndi mnansi chifukwa cha nkhani yongoganizira.

Kwa inu amene muli ndi galu kapena pusi, langizo langa ndi ili. Musaganize kuti chilichonse chokoma kwa inu ndi chabwinonso kwa chiweto. Phunzirani kuyang'ana nkhama zake chikadali bwino, kuti mudzazindikire zikasintha. Chikafooka, chikakana kudya, kapena mkodzo ukasintha mtundu, musataye masiku ndi mkaka ndi mazira aawisi, ndipo musathamangire kuloza munthu chala. Pitani nacho kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo, ndipo mukanene zonse zimene chadya, ngakhale zimene mukuziona ngati zabwino.

Mwezi wathawu kunabwera mayi wina wochokera kwa Kapichila, atamva za ine kwa achibale ake. Galu wake anali atafooka masiku awiri, ndipo ankafuna kuti ndimuuze mankhwala. Ndinamuuza kuti ine si dokotala, ndine wophika chabe amene anaphunzira mowawa. Ndinali nditatereka kale madzi a tiyi kuti ndimulandire monga mlendo, koma atandiuza kuti nkhama za galuyo zayera, ndinaphula ketulo ija.

"Nyamukani tsopano lino, mayi, mupite naye kwa dokotala dzuwa lisanakwere," ndinatero. "Tiyi mudzamwa pobwerera."