Payipi Izikhala ndi Mimba

Mdala wokonza mathirakitala uja savala malaya oyera. Akamalumikiza mapayipi a oyilo okwezera chifosholo chakutsogolo, amawasiya ali lendelende. "Payipi izikhala ndi mimba ngati ine," amatero akudzisisita.

Tsiku lina mkamwini wawo, mwini thirakitala ina yakale yomwe mdalayo ankakonza, anadandaula kuti mapayipiwo sakuoneka bwino, awafupikitse. Sowo yodulira anali ataitulutsa kale m'bokosi.

"Inenso ndinali wokonda zooneka bwino, bambo," anaseka mdalayo. "Tsiku lina ndinayeza payipi chifosholo chili pansi, n'kudula ndendende. Kenako ndinaitana mayi anuwa, atatchena, adzaone nzeru za mwamuna wawo. Nditangokweza chifosholo, payipi inazuka. Tonse awiri bii ndi oyilo!"

Mayiwo anayankhira pawindo: "Dulani, bambo. Ine pano ndiye sindichokapo."

Mkamwini anabweza sowo m'bokosi.