Tomato wa malume a ku Joni

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene malume a Fesitoni anatsika minibasi pa Chintheche ndi chikwama chimodzi, nsapato zosongoka ndi nkhani za ku Joni zosatha. Anali achimwene awo a mayi. Ku Joniko anakhalako zaka zisanu ndi zinayi osatumizako ngakhale sopo. Akuti anabwera kudzapuma sabata imodzi, koma sabatayo inatha miyezi inayi.

Ife kwathu ndi ku Dedza. Bambo anali mphunzitsi pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi nyanja, ndipo tinkakhala m'nyumba ya sukulu yokhala ndi kachipinda kakuseri kosungiramo makasu. Ntchito ya bambo ija ndiyo inali munda wathu ndi denga lathu. Iwo eni ankakonda kunena kuti mphunzitsi akachotsedwa ntchito amatuluka ndi choko cha m'zikhadabo basi.

Malume ankanyoza chilichonse. Kondowole, nsima ya chinangwa ya kunyanjako, ankati ndi guluu, komatu mbale ankaipukuta mbee. Akaona amayi akupalira chinangwa ankagwira m'chiuno n'kumapukusa mutu.

"Mukulimbanabe ndi dothi? Anzanu ku Joni amalima m'madzi, dothi osalikhudza n'komwe!"

Ndiye anaganiza zotionetsa chitukuko. Analanda kachipinda kaja, nazula lata limodzi n'kuikapo pulasitiki kuti dzuwa lizilowa. Bafa lalikulu la mayi analiboola n'kulikhazika patebulo, pansi pake diramu, pakati timapaipi tomanga ndi malegeni. M'bafamo anadzaza timiyala totola kunyanja. Kapampu kamene anabwera nako m'chikwama kankakankhira madzi m'mwamba mpaka bafa kudzaza, kenako madziwo ankatsika okha kubwerera m'diramu. Kudzaza, kuphwa, kudzaza, kuphwa, tsiku lonse. Mbewu zitamera anatiuza kuti ameneyu ndi tomato wa Azungu.

Chimene katswiriyu anaiwala ndi magetsi akwathu. Akazima m'mawa ankabwera dzuwa litapendeka, ndiye pampu ndinasanduka ine. Belu la buleki likalira, anzanga akudya zitumbuwa, ine ndinkathamangira kumjigo ndi ndowa kukathirira miyala ya munthu wamkulu ndi ndevu zake. Mwini dimba nthawi imeneyo amakhala ali ku Kande, akulonjeza alendo a m'malo ogona katundu wapamwamba.

Tsiku lina Anyachirwa, mayi wachitonga amene nyumba yawo inayandikana ndi yathu, anandipeza ndikuthira, chitseko chili pululu. Anathyola tsamba limodzi la zala zisanu, nalinunkhiza, n'kulavula.

"Mwana wangu, tomato ameneyu amatengera anthu kundende. Ichi ndi chamba. Apolisi akabwera safunsa za malume, afunsa mwini nyumba. Ada ako, aphunzitsiwo, ndiwo apite."

Ndinathamangira kwa mayi, koma iwo ananditseka pakamwa ndi dzanja lonunkha anyezi. Anati achimwene awo ndiwo mwini mbumba, sangawathamangitse ngati galu. Ndinapita kwa bambo, ndinawapeza akuchonga makope pakhonde. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Ndikudziwa, Esinati. Ndinamva fungo kalekale. Koma ine ndine mkamwini, sindingadzudzule alamu pamaso. Ndilankhula nawo bwinobwino."

Bwinobwino ameneyo anadya masabata atatu. Chamba chinkakula, fungo linkatulukira m'ming'alu ya chitseko, ana asukulu anayamba kusuzumira. Kenako a hedi analengeza kuti Lachisanu komiti ya sukulu idzayendera nyumba zonse za aphunzitsi, chipinda ndi chipinda, kuona madenga odontha mvula isanayambe. Ndinamva ndi makutu angawa bambo akuwauza malume, mawu ali pansipansi ngati iwo ndiwo alendo pakhomopo. Malume anaseka.

"Alamu, mantha bwanji? Tikhoma loko. Mudzawauze kuti kiyi watayika."

"Chabwino, alamu," anatero bambo.

Ha! Munthu amene ankanjenjemeretsa Sitandade 8 yonse ndi diso lokha! Ndinawayang'ana tsiku limenelo, ndipo ndinachita nawo manyazi.

Kunyanja kuno mwana aliyense amadziwa madzi oviikamo chinangwa chowawa. Chikakhala m'diramu masiku anayi, madzi ake amatuwa, amachita thovu, ndipo fungo lake limakulandira uli kumsewu. Mbuzi amaithamangitsa kuti isamwe, ndipo pamene amawataya udzu umapsa. Lolemba m'mawa malume atapita ku Kande, ndinapeza Anyachirwa akuvuula chinangwa chawo. Ndinawapempha madziwo. Anandiyang'ana, kenako anadzaza ndowa n'kunditwika.

"Yenda bwino, usatayire panjira," anatero.

Ndinasenza ndowa zitatu, zonse ndinakhuthulira m'diramu la malume. Mwamwayi tsiku limenelo magetsi anayaka osazima, ndipo kapampu ka ku Joni kanagwira ntchito yake mokhulupirika. Kudzaza, kuphwa, kudzaza, kuphwa. Lachiwiri ndinawonjezera ndowa ziwiri. Pofika Lachitatu masamba onse anali zyolizyoli.

Malume anagona ku Kande komweko masiku atatu, anatulukira Lachinayi masana. Atangotsegula chitseko, fungo linawauza zonse. Anakuwa mpaka ana anatuluka m'makalasi. Anamenya theche tebulo, bafa linagwa, madzi onunkha aja n'kuwadzazira m'nsapato zosongoka. Sanachedwe kudziwa wolakwa, pakuti wothirira anali mmodzi. Anandigwira khutu n'kundikokera kwa bambo.

"Alamu, mwana wanu wandiphera chuma. Mumulange pano ine ndikuona, apo ayi mbumba iyi ndaisiya!"

Ndinkayembekeza kuti tsopano bambo alankhula. Dimba linali litafa kale, choopa chinali chitatha, chotsala chinali kungotsegula pakamwa. Bambo anazula mtengo wa chinangwa pampanda. Anandikwapula kasanu ndi kamodzi kumbuyo kwa miyendo, osati mongonamizira ayi, kukwapula kwenikweni, kuti alamu awo akhutire. Sindinalire. Ndinkangoyang'ana nsapato za malume zikudontha.

Madzulo ake ine ndi mayi tinazula zofota zija n'kuziponya m'chimbudzi, miyala tinakataya kuthengo. Lachisanu m'mamawa malume anakwera minibasi ndi kapampu kawo, osatsanzika. A komiti anafika cha m'ma teni. Wapampando, mkulu wina wa mpingo, atalowa m'kachipinda kaja anagwira mphuno n'kuseka.

"Aphunzitsi, mwayamba kuviika chinangwa m'nyumba? Mwasanduka Mtonga weniweni!"

Bambo anaseka nawo kwambiri, kuposa mmene nthabwalayo inkafunikira. A komiti analemba zoti pakufunika lata limodzi, n'kupita nyumba ina. Alendo atachoka bambo anandiitana pakhonde n'kundipatsa cholembera chawo chofiira chochongera makope. Ndinachisiya pawindo, ndipo chinakhala pomwepo mpaka inki inauma.

Lero ndili ndi ana anga. Malume sindiwasungira mkwiyo, chifukwa zitsiru zobwera ndi mapaipi m'chikwama zilipo pamsika uliwonse, ndipo wanzeru amangozidutsa. Chimene ndinaphunzira chaka chimene chija n'chakuti pali mantha ena amene akuluakulu amawatcha ulemu, ndipo pakhomo pakakhala ulemu wotero, ndowa amasenza ndi mwana, ndodo amalandiranso ndi yemweyo. Bambo anaphunzitsa zaka zina khumi ndi zisanu, napuma ndi penshoni yawo ndi mbiri yoyera. Pamaliro awo anthu anasinthana kuimirira kutamanda kufatsa kwawo, akuti munthu uyu sanayambanepo ndi aliyense. Mkulu wina anatembenukira kwa ine kuti ndivomereze. Ine ndinawerama n'kumakonza chitenje kumbuyo kwa miyendo.