Khutu la vayolini ya achimwene

Ndinadzuka tambala woyamba asanalire, msana utauma chifukwa cha benchi yomwe ndinatsamira pasiwa. Kunali kuzizira kwa mu Juni, kuja kolowa m'mafupa. Azibambo ena anali akadali pamoto atadzikulunga mabulangete, ndipo m'nyumba amayi ankaimba motsitsa, mawu atasasa. Ine mtima wanga sunali pa nyimbozo. Unali pa kanthu kakang'ono kamene ndinakasaka dzulo lake lonse osakapeza.

Achimwene anga, amene tinkawaika tsiku limenelo, ankaimba vayolini m'bandi ya kutchalitchi kwathu. Anaiphunzira ali mnyamata kwa wansembe wina wokalamba. Kwa zaka zambiri anthu ankangowaona akukoka uta pa nsambo, osamva kanthu, chifukwa kiyibodi, magitala awiri ndi ng'oma zikayamba, vayolini imasanduka udzudzu wa m'chigayo. Ine ndi amene ndimakhala pa mikisa, makina okwezera ndi kutsitsira mawu a zoimbira, ndipo ndinayesa zonse. Maiki ikayandikira, masipika ankaliza likhweru lobaya m'makutu. Ikatalikira, inkatola ng'oma zokhazokha. Pamapeto pake achimwene anadzithandiza okha. Anachotsa kachitsulo kozungulira mu wotchi yakufa, n'kulumikizako kawaya, n'kukakulunga ndi ulusi wakuda ndi phula la njuchi. Akakamata pa kamtengo kamene nsambo zimatsamira, vayolini inkamveka mpaka kumsewu. Iwo ankakatchula kuti khutu.

Ali gone m'chipatala anandipempha chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti mwana wawo Rozina, amene anamuphunzitsa okha, adzaimbe pa Misa ya maliro awo pamodzi ndi bandi yonse, ndipo anthu adzamumve. Ndinavomera mosaganiza kawiri. Tsopano vayolini inalipo, uta unalipo, koma khutu linali litasowa.

Kutayera, chifunga chinaphimba phiri lonse. Adzukulu analowera kumanda ndi makasu awo. Kuseri kwa khola amayi anasonkha moto, ena akusenda kachewere, ena akudula kabichi. Ndinazungulira mafuwa onse ndikufunsa ngati wina anaona kanthu kakuda, kokulunga ndi ulusi, kokhala ndi kawaya. Palibe anandiyankha bwino. Ena ankangoyang'anizana, ena n'kuwerama kukoleza moto woyaka kale. Alamu, akazi a malemu, sindikanawavutitsa. Ndinafika kwa azakhali athu, amene anabwera kuchokera kutsidya la malire ndipo ndiwo anasankha zovala zoveka thupi. Ndinawafunsa nawonso.

"Tsiku la maliro sitifufuza katundu wa womwalira, bambo," anatero.

Ndinachita manyazi n'kuchokapo.

Cha m'ma naini anthu anayamba kukhamukira. Lole ina inabwera yodzaza kuchokera ku Linthipe, minibasi ziwiri kuchokera kuboma, ndipo a ku Mayani anafika pa njinga ndi wapansi. Bandi inayala zida zake pansi pa tenti, jenereta n'kuyamba kulindima. Woimba kiyibodi wathu ali ndi zala zabwino koma makutu anawasiya kwa amake. Ndinamutengera pambali n'kumudandaulira kuti lero lokha atsitse. Anavomera ndi mutu, monga amavomerera Lamulungu lililonse.

Ndinamangirira maiki pa ndodo ndi mphira, n'kuivala sokosi kuti mphepo ya mwera isamalowemo. Rozina anayesa mizere iwiri. Zinamveka pang'ono, koma apo bandi inali chete.

Bokosi analitulutsa n'kuliika pa tebulo kutsogolo kwa tenti. Misa inayamba mochedwa chifukwa uthenga wa chipepeso unachuluka, aliyense wofuna kugwirako maiki. Anthu atalandira Ukaristiya, Rozina anaimirira. Mzere woyamba anaimba yekha, ndipo ndinaona amayi a kutsogolo akutukula mitu. Kenako ng'oma zinalowa, magitala n'kutsatira, ndipo wa kiyibodi uja anatsinzina n'kukankha batani lake mpaka kumapeto. Vayolini inamira. Ndinakweza maiki ya Rozina pang'ono, masipika n'kuliza likhweru loti agogo ena anagwira m'makutu ndipo khanda linayamba kulira. Akatekisiti ananditembenukira ndi diso lofiira. Ndinatsitsa. Ndinayesanso pa ndime yachiwiri, likhweru lomwelo. Ndinakodola wa kiyibodi, koma munthu wotsinzina sakodoleka.

Rozina anaimba ndime zonse zitatu, misozi ikutsikira pa vayolini. Khamu lonselo linangoona dzanja likupita ndi kubwera. Mayi wina kumbuyo kwanga anafunsa mnzake kuti, "Kodi mtsikanayo ayamba liti?" Kunena zoona, ndikanakhala kuti sindinali pamaliro a mbale wanga, ndikanazimitsa jenereta n'kuponya kiyibodi ija m'khola. Ndinakwiyira woimbayo, ndinakwiyira mphepo, ndinakwiyiranso achimwene chifukwa chosunga chinthu chofunika chotere malo odziwa okha.

Tikunyamuka ulendo wa kumanda, mvula yowaza inayamba. Vayolini inabwezedwa m'chikwama chake kuopa chinyezi. Njira yathu ndi yotsetsereka, ndipo onyamula bokosi ankasinthana pafupipafupi, nsapato zikuterera m'matope. Kwaya inatsogola, amayi a yunifolomu pambuyo, ife abale pakati. Kumanda zonse zinayenda mwadongosolo. Wansembe anadalitsa, adzukulu anakwirira, anthu n'kuika nkhata. Poponya dothi langa ndinadziona ngati munthu wabodza.

Pofika madzulo anthu ambiri anali atabalalika. Matenti anapasulidwa, mabenchi anabwezedwa kusukulu, pabwalo panangotsala phulusa ndi makoko a kachewere. Rozina anakhala pakhonde. Sanandidandaule ngakhale pang'ono, ndipo zimenezo n'zimene zinandipweteka kwambiri.

Dzuwa likulowa, azakhali anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Anayang'ana uku ndi uku asanalankhule.

"Chija mumafuna m'mawa chija, chisakuvuteninso. Ndinachipeza m'thumba la jekete lawo. Ndinati akuluampingo akangochiona, atikaniza mwambo wachikhristu, mbale wanu n'kuikidwa ngati nkhuku. Ndinasoka thumbalo n'kuwaveka jeketelo. Apita nacho."

Sindinamvetse msanga, ndiye anawonjezera monong'ona:

"Chithumwa sichisiyidwira ana, bambo. Inunso mumachifuniranji?"

Ndinafuna kukuwa. Ndinafuna kuwauza kuti chinali chitsulo cha wotchi ndi phula basi. Koma mayi wokalambayo anali atasenza mantha amenewo yekha masiku awiri, ndipo tsopano ankandiyang'ana akudikira kuthokozedwa chifukwa chopulumutsa dzina la banja.

"Zikomo, azakhali," ndinatero.

Analowa m'nyumba mtima uli m'malo. Ine ndinatsala panja. M'nyumbamo munali zii, kupatula alamu amene ankatsokomola mwa apo ndi apo. Ndinayamba kukumbukira mmene tinayalira zinthu m'tenti muja. Misa yonse, pamene ndinkalimbana ndi mabatani thukuta lili kamukamu, bokosi la achimwene linali mapazi atatu okha kuchokera pa mikisa yanga.