Mayankho Amene Ndinatumizira Achemwali

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene ndinabwerako ku intaviyu yachitatu ku boma, ntchito osaipeza. Dipuloma yanga ya makompyuta inkangogona m'sutikesi kwathu ku Chowe. Achemwali anga a Asiyatu, amene anandilera mayi atamwalira, sanandiletse. Iwo amakolopa m'mawodi ndi kutaya zinyalala pa kachipatala ka bungwe lina kufupi ndi kwathu. Anangoti, "Pitani, Che Twaibu, koma foni muziyankha."

Zaka ziwiri zoyamba ndinkakonza mafoni m'kashopu ka mwini, tikugona asanu chipinda chimodzi. Kangachepe komwe ndinkapeza ndinkatumiza kumudzi. Lachisanu kumzikiti ndinkakhala pafupi ndi aliyense wolankhula Chiyao, ngakhale wosamudziwa, kuti ndingomvako. Kenako kampani yopanga maphunziro a pa intaneti inandilemba ntchito. Anandipatsa maphunziro akale a chitetezo cha ogwira ntchito m'zipatala za bungwe lomwe lija achemwali amagwirako ntchito, zomwe zili m'maiko angapo, kuti ndiwakonzenso. Akalewo anali mawu okhaokha. Ine ndinaikamo makanema, nesi akuponya singano ya jakisoni m'bokosi lachikasu, ndi mafunso khumi kumapeto. Zonse m'Chingerezi. Abwana anandiyamikira pamaso pa anzanga, ine n'kutumiza kumudzi chithunzi nditamanga tayi.

Tsiku lina masana achemwali anaimba ndili pakati pa ntchito.

"Akuti aliyense alembe mayeso a pafoni, apo ayi salowa muwodi. Kanema wake sakutseguka, bandulo yatha kawiri. Nanga Chingerezichi? Tandifotokozerani, akuti chiyani?"

Achemwali anasiyira sukulu sitandade sikisi kuti ine ndipitirize, ndipo zimenezo ndinkazidziwa bwino. Kuwafotokozera sikukananditengera ndi ola lomwe. Koma ndinangowalembera uthenga: B, A, A, C, mpaka onse khumi. Anakhoza, satifiketi inatuluka, dzina lawo n'kuoneka pa kompyuta yanga pa mndandanda wa ophunzitsidwa.

Funso lachisanu ndi chiwiri linali loti munthu atani akabayidwa ndi singano yomwe yagwira kale ntchito. Yankho lake: atsuke ndi sopo, auze anesi pompo, ayambe mankhwala oteteza ku HIV masiku atatu asanathe.

Patapita miyezi inayi, alamu anga anaimba. Wina anataya singano m'thumba la zinyalala m'malo mwa bokosi, ndipo inawabaya achemwali pachala akunyamula thumbalo. Anafinya magazi, kumanga kansanza, osauza munthu, poopa kuti awanena kuti ndi osasamala, ntchito n'kuwathera. Anaulula patapita masiku asanu chala chitatupa, nthawi ya mankhwala aja itadutsa.

Ndinakwera basi sabata yomweyo. Njira yonse ndinkakonza mawu opepesa, koma nditafika ndinapeza andiphera nkhuku, ndipo achemwali ankauza aliyense wobwera kudzandilonjera kuti, "Mayeso a pafoni aja anapanga ndi awa."

Mmawa mwake ndinawapeza kuseri akuchapa yunifolomu ndi dzanja limodzi. Ndinakhala pa mwala, ndi kuwauza zonse za funso lija.

"Funso limenelo linalipo?" anafunsa.

"Linalipo, achemwali."

Anafinya yunifolomu ija pang'onopang'ono, osandiyang'ana.

"Ndiye kuti anzanga anayi amene timakolopa limodzi nawonso sakulidziwa. Mayankho anu ndinawagawira onse."

Lolemba ndinapita kwa akulu a chipatalacho kukaulula zomwe ndinachita. Sanandikalipire. Anangondipatsa benchi ndi azimayi asanuwo. Ndinafotokoza mafunso onse m'Chiyao, ndipo iwo anandiuza zomwe makanema anga sankadziwa: kuti mabokosi achikasu akadzaza, ena amachedwa kubwera; kuti magulovu awo singano imangodutsa; kuti wokolopa sayerekeza kugogoda pa ofesi ya anesi. Ndinalemba zonse n'kutumizira abwana anga ku Joni, pamodzi ndi nkhani ya mayankho aja. Anandichenjeza ndi kalata, koma anavomera kuti maphunzirowo akhalenso ndi mawu ojambulidwa m'Chiyao ndi m'Chichewa, oti amveke ngakhale pa kafoni kamabatani.

Tinadikira miyezi itatu. Poyezedwa komaliza ndinabweranso kudzawaperekeza achemwali, ndipo magazi awo anapezeka opanda kachilombo. Achemwali anati Alhamdulillah, n'kubwerera muwodi kukamaliza kukolopa.

Ndikutuluka pageti, mmodzi wa anzawo aja, mayi wachikulire, anandithamangira ndi kajumbo ka mpunga wa m'dambo mwawo.

"Landirani, bambo. Pakanapanda mayankho anu aja, bwenzi tonse tili pakhomo."

Kukana mphatso ya munthu wamkulu sikutheka. Ndinalandira ndi manja awiri, maso ali pansi.